Momwe mungawerengere resistance ndi ma watt a chipangizo chamagetsi

Kunsi kwa ketulo kapena kumbuyo kwa TV kumakhala kachikwangwani kolembedwa manambala monga 230V, 50Hz, 2000W. Ambirife sitikayang'ana n'komwe. Koma manambala amenewa ndi amene angakuuzeni ngati ekisitenshoni yanu ipirire, komanso chifukwa chimene mayunitsi a ESCOM akuthera msanga. Masamu ake ndi awiri okha, ndipo foni yanu ikwanira kuwerengera.

Choyamba, pezani voltage. Iyi ndi mphamvu imene imakankha magetsi mu waya, ndipo imayezedwa mu ma volt. Magetsi a m'nyumba kuno ku Malawi ndi 230V, pomwe batire la galimoto kapena la sola laling'ono ndi 12V. Ngati muli ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, ikani pa V, musankhe AC pa soketi kapena DC pa batire, kenaka mugunditse timawaya take tiwiri mbali ziwiri za chimene mukuyezacho.

Chachiwiri, pezani current, kutanthauza kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa, mu ma amp. Apa ndi pofunika kusamala. Multimeter imafuna kuti muidule njira ya magetsi kuti adutsire mwa iyo. Pa batire la 12V zimenezi n'zotheka, koma pa magetsi a m'nyumba ine sindingakulangizeni. Gwiritsani clamp meter, imene mumangopanitsa waya osadula kalikonse. Panani waya mmodzi yekha: mukapana chingwe chonse cha ketulo, mita iwerenga 0, chifukwa magetsi opita ndi obwerera amafafanizana. Ndipo ngati nambala yalembedwa mu mA, igaweni ndi 1000 musanayambe masamu. 500mA ndi 0.5A. Ana asukulu ambiri amagwera pamenepa pa mayeso.

Tsopano resistance, yomwe ndi kukanizira kwa chipangizo kuti magetsi asadutse mosavuta. Lamulo lake analisindikiza Georg Ohm wa ku Germany mu 1827, n'chifukwa chake muyezo wake timati ohm:

R = V ÷ I

I akuimira current. Tinene kuti ketulo yanu ikukoka 8.7A pa 230V. Gawani 230 ndi 8.7, mupeza pafupifupi ma ohm 26.4.

Kenaka power, kutanthauza mphamvu imene chipangizo chikudya, mu ma watt. Apa mumachulukitsa:

P = V × I

230 kuchulukitsa ndi 8.7 ndi 2001, ndiye kuti ketulo ija ndi ya 2000W monga kachikwangwani kakunenera.

Phindu lenileni limabwera mukatembenuza masamuwa, pakuti kawirikawiri chimene mumadziwa ndi ma watt, osati ma amp. I = P ÷ V. Mapulagi athu a mano atatu amakhala ndi fyuzi yosapitirira 13A, ndipo 13 kuchulukitsa ndi 230 ndi 2990W. Pamenepo ndi pamalire. Ketulo ya 2000W ndi simbi yositira ya 1200W pa ekisitenshoni imodzi ndi 3200W, kutanthauza 13.9A. Mwadutsa kale. Fyuzi ikakhala yeniyeni imapsa current ikapitirira kwambiri malire ake, ndipo ndiyo ntchito yake. Koma ena fyuzi ikapsa amakulungapo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, ndiye chimene chimayamba kutentha ndi chingwe chimene chili kuseri kwa sofa.

A sola nawo amve apa. TV ya 60W pa 230V imakoka 0.26A yokha, koma ma watt 60 omwewo pa batire la 12V ndi 5A, pafupifupi kuwirikiza ka 20. N'chifukwa chake waya wochoka pa batire kupita ku inverter, chipangizo chosintha magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba, ayenera kukhala wonenepa komanso wamfupi. Waya aliyense ali ndi resistance yake pang'ono, ndipo kutentha kumene kumatayika mwa iye ndi I × I × R. Current ikawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Kawaya kowonda ka sipika sikangathe ntchito imeneyi, ngakhale kakuoneka ngati kakugwira tsiku loyamba.

Za mayunitsi n'zachidule. Yuniti imodzi ndi ma watt 1000 kwa ola limodzi. Gawani ma watt ndi 1000, muchulukitse ndi maola. Ketulo ija ikayaka mphindi 15 yadya theka la yuniti. Hotplate ya 1500W yophikira nyemba maola awiri yadya mayunitsi 3, pomwe babu la LED la 9W liyenera kuyaka maola oposa 110 kuti lithe yuniti imodzi. Amene amakalipira ana za mababu uku nyemba zili pa hotplate akulonda khomo lolakwika.

Pali malo awiri pomwe masamuwa sagwirizana ndendende ndi mita. Babu lakale la kawaya koyaka, monga la galimoto la 55W pa 12V, masamu amati lili ndi ma ohm 2.6, koma mukaliyeza lozizira mupeza nambala yotsika kwambiri, chifukwa resistance ya kawayako imakwera kakatentha. Zinthu za injini monga filiji ndi pampu nazo, V × I imapereka nambala yokwererapo kuposa ma watt enieni, ndipo poyamba kuzungulira zimakoka current yowirikiza kangapo. Pogula inverter ya filiji, siyani mpata waukulu.

Mukafuna kutsimikiza resistance ndi multimeter pa chizindikiro cha Ω, zulani kaye chipangizocho pa soketi. Ma ohm sayezedwa magetsi ali mkati: mita ikhoza kupsa, ndipo dzanja lanu lili pomwepo.