Mmene Mungaonere Dzuwa Popanda Kuwononga Maso

Dzuwa likamapsereza diso munthu samva kupweteka, chifukwa retina, kachigawo ka mkati mwa diso kamene kamalandira kuwala, ilibe mitsempha yomva ululu, ndipo vuto limadzaoneka patapita maola, pamene pakati pa chilichonse chimene mukuyang'ana payamba kuoneka chimbuuzi. Choncho musadalire magalasi akuda ovala poyenda, galasi lopaka mwaye, kapena beseni la madzi limene ambiri amathamangira kukachitika kadamsana, pakuti zonsezi zimangochepetsa kuthobwa koma kuwala kovulaza kumafikabe m'diso.

Poyang'ana ndi maso okha, valani magalasi a kadamsana olembedwa ISO 12312-2, kapena gwiritsani ntchito galasi la owotcherera zitsulo la nambala 14. Nambalayo muifunsitse, popeza ambiri a magalasi amenewa ndi ochepera pamenepo. Lililonse lokandika kapena lobooka mulitaye.

Pa telesikopu lamulo ndi limodzi: fyuluta, yomwe ndi chosefera kuwala kwa dzuwa, iikidwe kutsogolo kumene kuwala kumalowera, osati kumene mumaika diso. Magalasi a kadamsana sangakutetezeni mukasuzumira mu telesikopu yopanda fyuluta, ndipo tifyuluta takuda tomangirira poika diso, timene tinkabwera ndi matelesikopu akale otchipa, timang'aluka ndi kutentha diso lili pomwepo. Mukagula pepala losefera kuwala la Baader AstroSolar, tengani lolembedwa OD 5.0, chifukwa la 3.8 ndi lojambulira zithunzi basi. Limateni ndi tepi kuti mphepo isalichotse, tsekani katelesikopu kakang'ono ka pamwamba, ndipo polozetsa kudzuwa muziyang'ana mthunzi wa telesikopuyo pansi mpaka utachepa kotheratu.

Kwa amene alibe fyuluta, njira imene ndimaikonda ndi yoponya chithunzi cha dzuwa papepala, imene Benedetto Castelli anasonyeza mphunzitsi wake Galileo mu 1612. Lozetsani telesikopu yaing'ono kudzuwa, gwirani pepala loyera masentimita pafupifupi 30 kumbuyo kwa poika diso, kenaka potozani pang'onopang'ono mpaka m'mphepete mwa chithunzicho mutaoneka bwino. Katoni yoboola pakati, yovekedwa pa telesikopuyo, imachititsa mthunzi papepala. Muzipumitsa chipangizocho pakapita mphindi zochepa, poti mbali zake zapulasitiki zimasungunuka, ndipo ana ali pafupi musachisiye chokha ngakhale kamphindi.

Papepalapo mudzaona timawanga takuda. Amenewa ndi malo ozizirirapo, a madigiri pafupifupi 3,500 pamene malo owazungulira ali pa 5,500. Ajambuleni ndi pensulo tsiku lililonse, ndipo mudzaona akusuntha, chifukwa tikaliona kuchokera padziko pano dzuwa limazungulira kamodzi pa masiku pafupifupi 27. Kuchuluka kwawo kumakwera ndi kutsika pa zaka pafupifupi 11, ndipo kunafika pachimake mu 2024.

Pa kadamsana, kabowo ka singano pakatoni ndi kokwanira: pepala likatalikira mita imodzi, chithunzi chimakula mamilimita 9, ndipo ngakhale pansi pa mtengo wa mango mipata ya masamba imaonetsa timadzuwa tambirimbiri tobenthuka. Magalasi amavulidwa pokhapokha mwezi utaphimba dzuwa lonse, monga zinachitikira ku Lusaka pa 21 June 2001. Pa 25 November 2030 zimenezi zidzachitika m'madera ena a Namibia, Botswana, South Africa ndi Lesotho, koma ku Malawi dzuwa lidzaphimbika mbali chabe, kotero magalasi adzayenera kukhala kumaso kuyambira poyamba mpaka pomaliza.