Momwe mungachepetsere thupi la mphaka wonenepa popanda kumudwalitsa

Kwathu kuno munthu akakuuzani kuti mwanenepa amakhala akukuyamikirani, ndipo maganizo omwewo tawatengera ku ziweto. Mlendo akafika pakhomo ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe n'kupeza mphaka wofutukuka ngati mtsamiro atagona pasofa, amatamanda eni nyumba kuti amadziwa kusamala nyama. Komatu mafuta amenewo ndi amene amaitana matenda a shuga, nyamakazi ndi mavuto a chikhodzodzo, ndipo mphaka akanenepa zedi amalephera kudzinyambita kumsana mpaka ubweya wake umayamba kumangana ndi kununkha. Mphaka wa ku Ndirande kapena ku Bangwe amene amagonera kusaka makoswe sakumana ndi vutoli kawirikawiri. Amene limawagwira ndi amphaka a m'mipanda ya njerwa ndi m'mafulati, makamaka ofulidwa kapena otseketsedwa, amene mbale yawo simauma tsiku lonse.

Yambani ndi manja, chifukwa ubweya umanamiza maso. Muimikeni mphaka patebulo, ndipo yendetsani zala pang'onopang'ono m'mbali mwa chifuwa chake. Nthiti ziyenera kumveka musanakanikize, monga momwe mafupa a kuseri kwa dzanja lanu amamvekera mukatambasula zala n'kuwasisita. Zikamamveka zosongoka ngati mfundo za chibakera, mphakayo ndi wowonda; zikasowa, kapena zikamamveka ngati mukukanikiza mnofu wa pachikhatho, wanenepa. Kenako muyang'aneni kuchokera pamwamba: kuseri kwa nthiti payenera kuoneka chiuno cholowa m'kati pang'ono. Khungu lolendewera limene limagwedezeka pansi pa mimba akamayenda lisakusokonezeni, pakuti amphaka ambiri, ngakhale a thupi labwino, ali nalo. Madokotala a ziweto amayeza thupi la mphaka pa mlingo wa 1 mpaka 9, pomwe 5 ndiye pabwino, ndipo mphaka amene wapyola kulemera kwake koyenera ndi 20 peresenti amatchedwa wonenepa mopitirira muyeso.

Mukatero muyezeni pasikelo. Amphaka ambiri a pakhomo amalemera makilogalamu pakati pa 3.5 ndi 5, ngakhale kuti izi zimatengera msinkhu ndi mtundu. Njira yodziwika ndi yokwera pasikelo ya m'bafa mutamunyamula, kenako n'kukweranso nokha ndi kuchotsera, koma sikelo yotere siona kusintha kwa magalamu ochepa. Yabwino ndi sikelo yopachika ya manambala, ngati imene amagwiritsa ntchito ogula mbewu ku msika wa Limbe: mumamuika mphaka m'chikwama cholimba kapena m'basiketi yotsekeka, mumapachika, ndipo mumachotsera kulemera kwa chikwamacho. Lembani nambalayo ndi tsiku lake pakalendala.

Musanachepetse ngakhale nthongo imodzi ya chakudya, pitani naye kwa dokotala wa ziweto, kaya ku Blantyre SPCA, bungwe losamalira ndi kuteteza nyama, kapena ku chipatala china cha ziweto mumzinda muno. Mimba yaikulu si mafuta nthawi zonse. Ikhoza kukhala njoka zam'mimba, madzi odzaza m'mimba chifukwa cha matenda, kapenanso bere, limene kwa mphaka limatenga masiku 63 mpaka 65, ndipo kumana chakudya mphaka wa bere ndi kulakwa kwakukulu. Dokotalayo ndi amenenso angakuuzeni kulemera kumene mphaka wanu ayenera kufikapo. Mukaona kuti akumwa madzi kwambiri ndi kukodza pafupipafupi, nenani, chifukwa zimenezo ndi zizindikiro za shuga.

Tsopano pakubwera ntchito imene ine ndimaiona kuti ndiyo yaikulu kuposa zonse, ndipo sikhudza mphaka ayi, ikhudza anthu a pakhomo. Funsani aliyense chimene amamupatsa. Mchemwali wanga ku Chilomoni anakhala miyezi iwiri akuyeza chakudya cha mphaka wake mosamala, koma sikelo sinkasuntha. Atafufuza anapeza kuti ana amamuponyera khungu la nkhuku pansi pa tebulo, wantchito amamukokotera mkute wothira msuzi wa mafuta akamatsuka mapoto, ndipo mlonda amagawana naye usipa wokazinga pakati pa usiku poti ndiye mnzake wocheza naye. Aliyense ankaganiza kuti akupereka kanthu kochepa, osadziwa kuti mphakayo akudya katatu kuwonjezera pa mbale yake. Choncho khalani pansi ndi banja lonse, mugwirizane kuti wodyetsa akhale mmodzi, kapena muziyeza chakudya cha tsiku lonse m'mawa n'kuchiika m'kabotolo kotseka. Aliyense wofuna kumupatsa kanthu azitapa m'menemo, ndipo kakatha ndiye kuti kwatha mpaka mawa. Ngati mphakayo amadumpha mpanda, lankhulaninso ndi anansi.

Chakudyacho muziyeza pa sikelo ya kukhitchini, osati ndi dzanja kapena kapu. Mphaka wofulidwa wa makilogalamu 4 amene amakhala m'nyumba amafuna makalori (muyeso wa mphamvu yopezeka m'chakudya) pafupifupi 200 patsiku, pomwe chakudya chouma cha m'mapaketi chimene timagula m'masitolo a ku Chichiri chimakhala ndi makalori 350 mpaka 400 pa magalamu 100 alionse. Izi zikutanthauza magalamu 50 mpaka 57 patsiku lonse, omwe ndi pafupifupi theka la kapu ya tiyi, ndipo anthu ambiri akaona kuchepa kwake koyamba amakhulupirira kuti sikelo yawonongeka. Powerenga malangizo a papaketi, tsatirani mzere wa kulemera kumene mukufuna kuti afikepo, osati kumene ali nako lero. Ngati simukudziwa poyambira, yezani kwa masiku atatu chimene wakhala akudya, kenako chotsanipo 10 mpaka 20 peresenti. Dziwaninso kuti mphaka akafulidwa kapena kutseketsedwa thupi lake limayamba kufuna chakudya chochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, pomwe chilakolako chake chimakwera. Sindikunena izi kuti musiye kufula amphaka, chifukwa ubwino wake ndi wochuluka, koma kuti mbale ichepe opaleshoniyo ikangochitika, osadikira kuti thupi liyambe kufufuma.

Apa ndiye pamene pafunika kusamala koposa. Mphaka sali ngati galu kapena munthu pa nkhani ya kusala kudya. Mphaka wonenepa akakhala masiku angapo osadya, kapena akudya zochepa kwambiri, thupi lake limasungunula mafuta mofulumira n'kuwatumiza ku chiwindi, ndipo chiwindicho chimadzaza mafuta mpaka kulephera kugwira ntchito. Matenda amenewa amapha. Mphaka amafooka, amasanza, amatuluka dovu, ndipo m'maso, m'kati mwa makutu ndi m'nkhama mumasanduka mwachikasu. N'chifukwa chake malangizo amene mungamve akuti "mungomumana masiku atatu, aphunzira yekha kugwira makoswe" ndi oopsa kwa mphaka wa mafuta. Akakana chakudya tsiku lathunthu muyang'anitsitseni, ndipo likafika lachiwiri thamangani naye kwa dokotala. Kutsika koyenera ndi 0.5 mpaka 2 peresenti ya kulemera kwake pasabata. Mphaka wa makilogalamu 6 amene akutsika ndi magalamu 60 pasabata ali panjira yabwino, ndipo kuti afike pa 4.5 padzapita miyezi pafupifupi 6. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene akufuna zotsatira pakutha pa mwezi umodzi ndi amene amathera kuchipatala ndi mphaka wachikasu.

Za mtundu wa chakudya, mfundo ndi yakuti mphaka ndi nyama yodya nyama basi. Nsima, mpunga, buledi wopaka majarini ndi tchipisi zimamunenepetsa popanda kumupatsa zimene thupi lake likufuna, monga taurine, imene imapezeka m'nyama ndipo ikasowa mphaka amadwala mtima kapena kuchita khungu. Makombo a ndiwo zathu ali ndi vuto linanso, pakuti timakazingira anyezi ndi adyo, zomwe zimawononga magazi a mphaka. Mkaka wa ng'ombe, umene ambiri timauona ngati chakudya cha mphaka chenicheni, umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu ndipo ndi makalori ongowonjezera. Chakudya cham'zitini kapena cham'timapaketi tonyowa chimathandiza kwa amene angakwanitse mtengo wake, chifukwa pafupifupi magawo atatu mwa anayi ndi madzi, kotero mphaka amakhuta asanadye makalori ambiri. Amene mumaphika nokha, wiritsani nkhuku yochotsa khungu kapena nsomba popanda mchere ndi mafuta, musamupatse mafupa ophika a nkhuku, ndipo funsani dokotala zoyenera kuwonjezera, popeza mnofu wokha kapena usipa wokha si chakudya chokwanira kwa miyezi yambiri. Kusintha kulikonse kutenge masiku 7 mpaka 10, mukusakaniza chatsopano ndi chakale pang'onopang'ono, chifukwa mphaka ndi wamakani ndipo akhoza kungonyanyala.

Gawani chakudya cha tsikulo katatu kapena kanayi, gawo lomaliza likhale la pogona kuti asakudzutseni mbandakucha. Masabata awiri oyambirira adzalira, adzakutsatirani kukhitchini ndi kudzikhula m'miyendo mwanu, ndipo apa ndi pamene eni ake ambiri amagonja. Akatero musatsegule kabati, tengani chingwe chomangirira nthenga ya nkhuku mumuthamangitse nacho pakhonde kwa mphindi 5 kapena 10, kawiri patsiku, makamaka m'mawa ndi madzulo pamene amphaka amakonda kusaka. Mukhozanso kuboola timabowo m'botolo lapulasitiki n'kuikamo chakudya chouma kuti azichigubuduza asanadye, kapena kumwaza timibulu m'thireyi ya mazira kuti azitola ndi phazi kamodzikamodzi. Chingwecho muzichibisa mukatha kusewera, chifukwa mphaka akachimeza chimapota matumbo.

Pakhomo pamene pali amphaka awiri, adyetseni m'zipinda zosiyana ndipo chotsani mbale pakatha mphindi 20, kapena ikani mbale ya wowondayo pamwamba pa kabati pomwe wonenepayo sangathe kudumphira. Mbale ya galu nayo isakhale poyera.

Muyezeni pakatha masabata awiri alionse, nthawi yofanana komanso asanadye. Mukaona kuti mwezi wathunthu wadutsa nambala isanasinthe, yambani mwafunsanso a pakhomo ngati wina wabwerera ku chizolowezi chake, ndipo pokhapokha mutatsimikiza kuti palibe akumudyetsa mobisa chepetsani chakudya ndi 5 kapena 10 peresenti ina. Akamatsika mopyola 2 peresenti pasabata, wonjezerani pang'ono. Tsiku limene nthiti zidzayambe kumveka bwino ndipo chiuno n'kuonekera, musabwerere ku mbale yodzaza ija: wonjezerani 10 peresenti yokha pa zimene wakhala akudya, pitirizani kuyeza chakudya ndi sikelo, ndipo mphakayo muzimupachika m'chikwama chija kamodzi pamwezi, nambala yake muzilembabe pakalendala.