Momwe Mungayerekezere Makina Ofufuzira Zitsulo ndi Makoyilo Musanayambe Kusaka Makobidi ndi Zinthu Zakale

Munthu akafuna kugula makina ofufuzira zitsulo pansi, funso lake loyamba limakhala lakuti, "Kodi amamva mpaka pakuya bwanji?" Funso limeneli lasocheretsa ambiri. Makina amodzi omwewo akhoza kumva khobidi lili pansi ndithu m'nthaka yamchenga, koma kukafika pa dothi lofiira lokhala ndi chitsulo chambiri, n'kumangolira mosokonezeka osasiyanitsa khobidi ndi msomali. Chofunika n'kuyesa makinawo pamodzi ndi koyilo yake (chimbale chimene chimayenda pamwamba pa nthaka) m'nthaka yonga imene mudzafufuzemo. Nayi njira yake.

Yambani ndi kudziwa chimene mukusaka komanso malo ake. Wosaka makobidi m'mabwalo ndi m'malo amene anthu ankasonkhana amakumana ndi zitsekerero za mabotolo ndi tizidutswa ta aluminiyamu tambirimbiri. Wosaka zinthu zamakedzana pamabwinja, monga mabatani, zipolopolo, zomangira lamba ndi mphete zamkuwa, amakumana ndi misomali yadzimbiri pa sitepe iliyonse. Wa m'mphepete mwa nyanja yamchere mdani wake ndi mcherewo. Aliyense wa atatuwa amafuna chida chosiyana.

Kenako sankhani mtundu wa makina. Ambiri amene amagulitsidwa ndi a VLF (Very Low Frequency), ndipo amagwira ntchito pa mafirikwensi, kutanthauza kuchuluka kwa mafunde amene koyilo imatumiza m'nthaka pa sekondi iliyonse, apakati pa 3 ndi 30 kHz (1 kHz ndi mafunde 1,000 pa sekondi) kapena kupitirirapo pang'ono. Ubwino wake ndi wakuti amayesa kukuuzani mtundu wa chitsulo chimene chili pansi, pogwiritsa ntchito nambala pagalasi ndi kaliridwe kosiyanasiyana. Firikwensi yotsika imamva bwino siliva ndi mkuwa, makamaka makobidi aakulu. Yokwera imamva tinthu ting'onoting'ono ndi topyapyala, monga tigolide ndi makobidi akale ochepa thupi. Mwachitsanzo, Garrett Ace 250 imagwira pa 6.5 kHz pamene Garrett AT Pro imagwira pa 15 kHz. Palinso makina amene amatumiza mafirikwensi angapo nthawi imodzi, monga Minelab Equinox, XP Deus II ndi Nokta Legend, ndipo amenewa amapirira bwino mchere ndi dothi lovuta. Mtundu wina ndi wa PI (Pulse Induction), umene umalowa pansi kwambiri ngakhale m'dothi loipa, koma sudziwa bwino kukana chitsulo chachabechabe. Pabwinja lodzaza misomali, PI idzakukumbitsani mpaka msana kuwawa. Kwa wosaka makobidi ndi zinthu zakale, ine ndimalimbikitsa VLF kapena wa mafirikwensi angapo.

Tsopano tifike pa koyilo, chimbale chija chimene chimayenda pamwamba pa nthaka. Apa m'pamene anthu amathamangira, chonsecho m'pamene pagona nkhani. Pa makina a VLF pali mitundu iwiri yodziwika. Koyilo ya concentric ili ndi mawaya ozungulira, ena mkati mwa anzake, ndipo mphamvu yake imalowa pansi mochepa kunsonga ngati fanulo. Ndi yosavuta kupezera malo enieni a chinthu, ndipo kawirikawiri imazindikira bwino zitsekerero za mabotolo. Vuto lake ndi lakuti pansi penipeni imaona kadera kakang'ono, choncho mukamaweyula muyenera kubwereza theka la pamene mwadutsa kale. Koyilo ya DD ili ndi mawaya awiri ooneka ngati zilembo za D zopiringizana pakati. Mphamvu yake imalowa pansi ngati mpeni, mzere wopyapyala kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo kwa koyilo. Chifukwa cha zimenezi, siisokonezeka kwambiri ndi dothi lachitsulo ndipo imatha kulekanitsa khobidi ndi msomali zikagona moyandikana.

Kukula kwake kumayezedwa m'mainchesi. Makina ambiri amabwera ndi koyilo ya mainchesi 9 mpaka 11. Akatswiri amayerekeza kuti m'dothi labwino, chinthu chofanana kukula ndi khobidi chimamveka pakuya kofanana pafupifupi ndi mulifupi mwa koyilo. N'chifukwa chake ambiri amakhumbira ya mainchesi 13 kapena 15. Koyilo yaikulu ndi yabwinodi m'munda waukulu wopanda zinyalala, chifukwa imamaliza malo msanga ndipo imafika pansi. Koma ikafika pabwinja, imaphimba zinthu zitatu kapena zinayi nthawi imodzi, ndipo msomali umabisa khobidi. Apo yaing'ono ya mainchesi 5 kapena 6 imapeza zimene yaikulu yadumpha, ngakhale kuti siifika patali. Vuto la chitsulo chosafunika ndi lakale kwambiri: mu 1881 Alexander Graham Bell, amene amadziwika ndi kupanga telefoni, anayesa kupeza chipolopolo m'thupi la Pulezidenti James Garfield wa ku America ndi chida chake chofufuzira, ndipo chimodzi mwa zimene zinamusokoneza chinali mawaya achitsulo a bedi limene wodwalayo anagonapo.

Musanagule koyilo yachiwiri, tsimikizani kuti ndi ya makina anuwo. Koyilo ya kampani ina kawirikawiri siigwira pa makina a kampani ina, ndipo ngakhale m'kampani imodzi si zonse zimene zimalowana.

Gawo lotsatirali ndi limene ndimalikonda, ndipo ndi limene lidzakuuzani zoona kuposa wogulitsa aliyense. Konzani kamunda koyesera. Sankhani malo amene mwayamba mwawafufuza ndi kuchotsamo zitsulo zonse. Kwirirani makobidi ofanana pakuya kwa masentimita 10, 15, 20 ndi 25, motalikirana pafupifupi mita imodzi, ndipo muike zikhomo zamtengo kapena zapulasitiki kuti musaiwale malo ake. Khobidi lina muliimike cham'mbali, chifukwa pansi makobidi sagona chafufumimba nthawi zonse ndipo loimirira limavuta kumva. Pena ikani khobidi ndi msomali wadzimbiri motalikirana masentimita 5 okha. Kwiriraninso batani lamkuwa, kachidutswa ka aluminiyamu ndi chitsekerero cha botolo. Tsenderani dothi bwinobwino, ndipo ngati n'kotheka dikirani mvula igwepo kangapo kuti nthaka ikhazikike.

Poyesa, sinthani chinthu chimodzi chokha nthawi iliyonse. Yambani mwakonza ground balance, imene imaphunzitsa makina kunyalanyaza mchere ndi chitsulo cha m'dothi lenilenilo. Kwezani sensitivity, imene ndi mphamvu ya makina yomvera zitsulo, mpaka makina atayamba kulongolola okha, kenako itsitseni pang'ono. Discrimination, imene imakaniza zitsulo zina, muisiye pansi. Mukaikweza kwambiri mudzataya mphete zagolide pamodzi ndi aluminiyamu, pakuti ziwirizi zimapereka nambala zoyandikana. Weyulani koyilo pang'onopang'ono, ili chafufumimba, pafupifupi kukhudza pansi, osaitukula kumapeto kwa mkono. Chinthu chilichonse chidutseni kuchokera mbali ziwiri zopingasana. Lembani m'kope: chamveka kapena ayi, kaliridwe n'komveka bwino kapena kodukaduka, nambala yakhazikika kapena ikudumphadumpha. Mukatero sinthani koyilo n'kubwereza zonse. Pa khobidi la pambali pa msomali lija mudzaona kusiyana kwenikweni, ndipo ngati makina ali ndi recovery speed, imene ndi liwiro limene makina amakonzekera kumva chinthu china atangomva choyamba, ikwezeni muone ngati khobidilo liyamba kumveka palokha. Kuyesa mwa kungogwedeza khobidi m'malere patsogolo pa koyilo kumathandiza kudziwa nambala zake basi, osati kuya.

Musaiwale kulemera. Nyamulani makinawo kwa ola lathunthu. Koyilo yaikulu imakoka kutsogolo, ndipo phewa likatopa mumayamba kuitukula, kuya konse kuja n'kutha. Ngati ndalama n'zochepa, makina apakatikati okhala ndi makoyilo awiri, yaing'ono ndi yapakati, kuphatikizapo pinpointer yofufuzira m'dzenje ndi mahedifoni, adzakupindulirani kuposa makina odula a koyilo imodzi.

Musanakumbe pamalo alionse, pemphani chilolezo kwa mwini malo ndipo fufuzani malamulo a dziko lanu, chifukwa mayiko ambiri amaletsa kukumba pamanda ndi pamalo otetezedwa a mbiri yakale, ndipo ena amafuna kuti zopezeka zikanenedwe kuboma. Mukapeza zinthu zambiri pamalo amodzi, imani kaye. Mu 1992, Eric Lawes ankafunafuna hamala imene mnzake anataya m'munda ku Hoxne, ku England, ndipo makina ake anamufikitsa pa chuma cha nthawi ya Aroma. Anasiya kukumba n'kukadziwitsa akuluakulu, ndipo akatswiri a zofukulidwa pansi anatulutsa bwinobwino makobidi oposa 14,000 pamodzi ndi masupuni asiliva ndi zokongoletsera zagolide. Zonsezi zikusungidwa ku British Museum, nyumba yosungira zinthu zakale ya ku London, ndipo hamala ija inapezekanso n'kupita komweko.