Mwana akuopsezedwa ndi zithunzi zamaliseche pa WhatsApp? Chitani izi ngati muli kuno ku Harare

Zinthu zimenezi zimayamba mwakachetechete. Munthu wachilendo amamupeza mwana pa Facebook, pa Instagram, kapena pagulupu ya WhatsApp ya kalasi kapena ya achinyamata akutchalitchi pomwe nambala ya aliyense ili poyera, amacheza naye bwinobwino ngati mnzake wamsinkhu umodzi, mwina nkumuponyera ka bandulo kapena ka dola pa EcoCash, kenako nkupempha chithunzi. Chithunzi chikangopita munthu uja amasintha mawu, tumiza ndalama kapena tumiza zithunzi zina apo ayi ndimwaza kwa anzako onse ndi makolo ako. Ndipo musamati izi ndi za atsikana okha, anyamata akugwa kwambiri chifukwa ofuna ndalamawo amadziyesa mtsikana wokongola. Mukadziwa kuti mwana wanu wagwa mu msampha umenewu, kaya muli ku Mbare, Mufakose, Tafara, Dzivarasekwa kapena Epworth, njira yake ndi iyi.

Choyamba dzigwireni mtima. Ndikudziwa dzanja limathamangira ku lamba, tinaleredwa choncho, koma chida chachikulu chomwe chigawengacho chili nacho ndi mantha omwe mwanayo ali nawo pa inuyo. Mukamumenya mwamuthandiza wakubayo, mwana adzabisa zotsalazo, adzaba ndalama mnyumba kuti alipire, ndipo ena amafika poganiza zodzipha chifukwa cha manyazi. Mukhazikeni pansi, muuzeni kuti wachita bwino kunena ndipo wolakwa ndi amene akumuopsezayo. Usiku umenewo asagone yekha. Zoti foni anaipeza bwanji ndi zoti simunamulere choncho mudzakambirana tsiku lina.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe ambiri timaonongera mlandu, osafufuta kanthu. Mtima umafuna kungodilita zonse kuti zonyansazo zichoke mufoni, koma mameseji amenewo ndiye umboni wanu. Lembani mu kope nambala ya munthuyo yonse ndi kodi yake yomwe, kaya ndi +263 kapena ya dziko lina, dzina lomwe akugwiritsa ntchito pa akaunti, ndi linki ya purofayilo yake chifukwa dzina atha kulisintha mawa lomwe. Tengani masikirinishoti a mameseji oopsezawo tsiku ndi nthawi zikuoneka. Ngati anapereka nambala ya EcoCash, OneMoney kapena InnBucks yoti mutumizeko ndalama imeneyo ndi golide, chifukwa kuno laini ya foni imalembetsedwa ndi chitupa ndiye apolisi ali ndi poyambira. Ngati mwana analipirapo kale sungani ka SMS kotsimikiza kaja. Ngati mameseji ndi aja ozimiririka okha, jambulani sikirini ndi foni ina msanga asanapite.

Koma chenjerani apa. Chithunzi chamalisechecho musachitumize kwa aliyense, kaya ndi azakhali ake, abusa, kaya ndi foni yanu yomwe kuti muchisunge. Lamulo la Zimbabwe limati kupanga, kusunga kapena kufalitsa zithunzi zolaula za mwana ndi mlandu, ndipo mwana ndi aliyense amene sanakwane zaka 18. Chisiyeni momwe chilili mufoni ya mwanayo, apolisi ndi amene adziwe mochitengera.

Chachitatu musalipire ndipo lekani kuyankha. Kulipira kuli ngati kuponyera galu fupa pakhomo, mawa abweranso. Musamutukwane, musamuuze kuti tikupita kupolisi, angafufute akaunti nkuthawa. Umboni mukausunga mutha kumupanga ripoti ndi kumubuloka. Pa WhatsApp mukapanga ripoti mameseji asanu omaliza a munthuyo amapita ku kampaniyo, iye sauzidwa. Werengani bwino kabokosi komwe kamatuluka musanadine, chifukwa pa ma version ena kamafunsanso zofufuta chati yonse, pamenepo kanani. Akaunti ya mwanayo musaitseke, ingoipangani private.

Kenako imbani 116. Imeneyi ndi nambala ya Childline Zimbabwe, ndi yaulere, imagwira usana ndi usiku, ndipo mwana akhoza kuimba yekha ngati akuchita manyazi kulankhula inu mulipo. Ali ndi alangizi oti alankhule ndi mwanayo komanso amagwira ntchito limodzi ndi apolisi ndi a Social Development, nthambi ya boma yoona za chisamaliro cha ana. Ine ndimati muyambe ndi iwowa musanakwere kombi kupita kupolisi, chifukwa mumapita mukudziwa kale choti mukanene.

Tsopano kupolisi. Pitani ku siteshoni yomwe muli nayo pafupi ndipo pa kauntala musayambe kufotokoza nkhani yonse pagulu la anthu, ingonenani kuti mukufuna a Victim Friendly Unit, aja timangoti VFU. Amenewa ndi apolisi a ZRP omwe anaphunzitsidwa za milandu ya ana ndi nkhanza zogonana, ndipo amayenera kumufunsa mwana pambali. Tengani foni, chaja yake, kope lija, ndi chikalata chakubadwa cha mwana. Musachokepo opanda nambala ya RRB, ndi nambala yomwe ripoti lanu lalembedwera mu buku lawo, ilembeni pamodzi ndi dzina la wapolisi amene wagwira nkhaniyo. Popanda nambala imeneyo mukadzabwera sabata yamawa muzidzangouzidwa kuti munalankhula ndi ndani. Akatenga foni ngati umboni funsani kuti alembe kuti aitenga.

Mukakumana ndi wapolisi woti akungoti izi ndi za pafoni, kamulangizeni mwana wanu kunyumba, musabwerere. Lamulo lilipo. Mu December 2021 boma linatulutsa lamulo lomwe pano limatchedwa Cyber and Data Protection Act, lomwe linaonjezera milandu yatsopano mu Criminal Law Code, buku la malamulo a milandu. Kuzunza kapena kuopseza munthu pa intaneti chilango chake chitha kufika zaka 10 kundende, kumwaza zithunzi zamaliseche za munthu popanda chilolezo chake mpaka zaka 5, za zithunzi zolaula za ana mpaka zaka 10, ndipo kufuna ndalama moopseza unali mlandu kale ndi kale. Pemphani mwaulemu kuonana ndi Officer in Charge, zikakanika bwereraninso ku 116 muwauze zomwe zachitika.

Pali chinthu china chomwe chimatigwira miyendo ife a Chichewa kuno. Mabanja ambiri makolo athu anachokera ku Malawi, Zambia kapena Mozambique kudzagwira ntchito mmigodi ndi mmafamu, ndipo mpaka lero alipo ana omwe alibe chikalata chakubadwa, agogo omwe akulera adzukulu zitupa zawo zili ndi mavuto, ndiye polisi timaiopa kuti tikapita ndi nkhani ina tikabwerako ndi ina. Zigawenga zimadziwa mabanja omwe sangapite kupolisi. Mwana wopanda pepala ndi mwanabe pamaso pa lamulo, tengani chilichonse choonetsa zaka zake, khadi la kusikelo, la ubatizo, lipoti la kusukulu, ndipo ngati mukuopa kupita nokha tengani mkulu wa mpingo kapena wa kumzikiti amene sangakayankhule kunja. Komanso Chichewa chili mgulu la zilankhulo 16 zomwe Constitution ya 2013 inavomereza, agogo ngati Chishona kapena Chingerezi chikuwavuta anene, kukhoti womasulira ndi ufulu wawo.

Mufunseni mwana modekha ngati anakumanapo ndi munthuyo maso ndi maso. Ngati anagona naye kapena kumugwiririra, chipatala chikhale patsogolo pa zonsezi, pasanathe maola 72, chifukwa mankhwala a PEP oteteza ku HIV amagwira akayambidwa mkati mwa nthawi imeneyo. Ku Sally Mugabe Central Hospital, kuja ambiri timatibe ku Gomo, kuli kiliniki ya Family Support Trust yoona ana, ku Mbare kuli kiliniki ya Edith Opperman, ku Parirenyatwa kuli Adult Rape Clinic. Musadikire pepala la kupolisi kuti mupite. Ndipo nthawi zambiri munthuyo sakhala wakutali, amapezeka ndi loja wa pakhomo pomwepo, wachibale, kapena bambo wodziwika mdera, ndiye abale amayamba zoti tikambirane pachibale alipire damage. Kanani. Kuchokera pa chigamulo cha Constitutional Court cha 2022 ndi lamulo lomwe linatsatira mu 2024, kugona ndi mwana wosakwana zaka 18 ndi mlandu ngakhale atati anavomera, ndipo amene walipira ndalama lero mawa apita kwa mwana wa neba. Mlandu ukafika kukhoti kuli dongosolo la Victim Friendly Court, mwana amatha kupereka umboni ali chipinda china kudzera pa kamera osayang'anizana ndi womulakwirayo.

Za chithunzicho, pali chida chaulere chotchedwa Take It Down cha bungwe la ku America la NCMEC, adiresi yake ndi takeitdown.ncmec.org. Mwana amasankha chithunzicho mufoni momwe chili, chithunzi sichichoka mufonimo, chomwe chimapita ndi ka nambala kapadera kochizindikiritsa, ndiye Facebook, Instagram, TikTok ndi ena omwe analowa nawo amachitseka wina akafuna kuchiponya poyera. Sichifika mu machati a WhatsApp chifukwa ajawa ndi otsekedwa, ndiye ngati chayamba kuzungulira mmagulupu imbirani admin achichotse, lembani manambala a omwe achitumiza, ndipo muwauze poyera kuti aliyense wopanga forward naye ali ndi mlandu. Kwa amene chithunzi chake chinajambulidwa ali ndi zaka 18 kupita mtsogolo, chida chake ndi StopNCII.org. Ngati zafika kusukulu kaonaneni ndi ahedi kapena aphunzitsi a Guidance and Counselling nokha, mwana asamakumane ndi kunyozedwa opanda wamkulu womuyang'anira.

Tinene zoona, ngati nambala ndi yakunja mwayi woti munthuyo agwidwe ndi wochepa ndipo zimatenga nthawi. Ripoti pangani basi, chifukwa ndi lomwe mudzaonetse kusukulu kapena kukhoti zinthu zikadzatulukira.

Fumbi likatsika konzani foni limodzi ndi mwiniwake, osati mwakuba. Sinthani mapasiwedi onse. Pa WhatsApp lowani mu Settings, Account, muyatse two-step verification muike PIN ya manambala 6, kenako ku Privacy muike kuti chithunzi cha purofayilo ndi zomuika mmagulupu zikhale za My contacts basi. Dutsani limodzi mndandanda wa mafurendi pa Facebook ndi Instagram muchotse aliyense amene mwanayo sanamuonepo ndi maso. Ngati ali pa TikTok pali Family Pairing yolumikiza akaunti yake ndi yanu, ndipo pa foni ya Android pali Google Family Link yomwe imakulolani kuvomereza ma app asanalowe mufoni. Ngati mwanayo amabwereka foni ya mkulu wake kapena ya agogo, mafoni amenewonso apangeni chimodzimodzi.