Kumapemphero kuja tizikambanako za BP ndi shuga

Abale anga, pa ntchito yathu ya ulangizi wa zaumoyo ndimaona kuti munthu wamkulu amene sajomba kutchalitchi kapena kumzikiti nthawi zambiri mowa ndi fodya amakhala nazo patali, komanso akangosowa sabata imodzi anzake amalondola kwawo kukamuzonda, matenda nkudziwika msanga. Ku Loma Linda, m'chigawo cha California ku America, kuli a Seventh Day ambiri omwe akhala akufufuzidwa kwa zaka zochuluka, ndipo zinapezeka kuti amakhala moyo wautali kuposa anzawo a m'chigawo chomwecho poti sasuta, samwa, ambiri nyama sadya, amakonda za m'gulu la nyemba ndi mtedza. Nyemba ndi nsinjiro kunotu tili nazo zambiri.

Koma chimandipweteka mtima ndi zomwe timadya tikasonkhana. Kaya ku Mvano, kaya ku Dorika, kaya ku limana, mupeza tiyi wa shuga masupuni anayi, mandasi, fanta, mpunga wochita kunyezimira mafuta, ndiwo mchere wolawa nkutsinzina, ndiye amayi omwewo ndi amene akudandaula mutu ndi kutupa miyendo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi basi, kuwerengera ndi wa m'ndiwo momwe. Shuga muziika pambali aliyense athire yekha pang'ono, m'malo mwa mandasi phikani mbatata, chinangwa kaya maungu.

Ngati kopemphera nkwapafupi siyani kabaza, yendani. Pamafunika mphindi 150 pa sabata zogwiritsa ntchito thupi, ndiye mphindi 30 popita 30 pobwera mwadulako kale, kuvina kukwaya nakonso kumawerengedwa. Atsogoleri inu sonkhani ndalama mugule kamakina koyezera BP, mupemphe namwino wa mumpingo mwanu momwemo aziyeza anthu mukaweruka, chifukwa BP imakwera mwakachetechete munthu akuyimba bwinobwino.

Tsono ichi ndikupempha mochokera pansi pa mtima. Mukapemphereredwa musataye mankhwala, kaya ndi ma ARV, a BP kapena a shuga, pitirizani kumwa. Odwala shuga musayambe kusala kudya musanaonane ndi adokotala, shuga akatsika kwambiri munthu amakomoka. Ngakhale pa Ramadan odwala amaloledwa kusasala. Ndipo odwala shuga inu muziyenda ndi switi ziwiri m'thumba zoti mudye shuga akatsika mukamapita kumapemphero ochezera usiku.