Kukonza Pulani ya Mlatho Wachitsulo Pamene Mtsinje Wakokolola Wakale

Mtsinje ukakokolola mlatho, monga zidachitikira m'maboma a Mulanje ndi Phalombe pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, injiniya asathamangire kuwerengera zitsulo asanafufuze chomwe chidagwetsa mlatho wakalewo. Kawirikawiri vuto limakhala pansi: madzi othamanga amakumba mchenga wozungulira maziko mpaka nsanamira imasowa pokhazikika, kenako imapendama.

Choncho yambani ndi mtsinjewo. Yang'anani zinyalala zomwe zidakodwa m'nthambi za mitengo ndi mzere wa matope pamakoma a nyumba zapafupi, ndipo funsani akuluakulu a m'mudzi pomwe madzi adalekezera, chifukwa iwo amakumbukira zigumula zomwe sizidalembedwe paliponse. Zitsulo zam'munsi mwa mlatho zikhale pamwamba pa madzi a chigumula choyembekezeka kamodzi pa zaka 100, ndipo pasiyidwenso mpata woti mitengo yozulidwa idutse osakodwa.

Kenako boolani nthaka pamagombe onse awiri kuti mudziwe pomwe pali thanthwe. Maziko akhale pathanthwepo, ndipo ngati lili kutali, khomani mizati yozama kupitirira pomwe madzi angakumbe. Apa ndi pomwe ndalama siziyenera kuumiridwa ngakhale pang'ono. Chitsulo n'chopepuka poyerekeza ndi mphamvu zake, motero chimatha kuwoloka mtunda wautali popanda chochirikiza. Gwiritsani ntchito mwayi umenewu pochepetsa nsanamira za pakati pa mtsinje, poti iliyonse imapanikiza madzi n'kukola zinyalala.

Powerengera kulemera, ganizirani galimoto zamatani 56, omwe ndi malire amene mayiko ambiri a SADC (bungwe la mayiko a kummwera kwa Africa) amatsatira, komanso kuti zidzadutsapo tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Kudutsadutsa kumeneku kumatopetsa chitsulo, ndipo ming'alu imayambira m'malo owotcherera ndi m'mabowo a mabauti.

Chitsulo chimatalikanso chikatenthedwa. Mlatho wa mamita 50 umawonjezeka ndi mamilimita pafupifupi 18 kutentha kukakwera ndi madigiri 30, choncho mbali imodzi ikhale pachotsamira chotha kusuntha. Polimbana ndi dzimbiri, zitsulo zikutidwe ndi zinki kapena penti yoyenera, ndipo paikidwe mipaipi yotayira madzi a mvula kutali ndi zitsulozo.

Pulaniyo isaiwale anthu omwe akufunika kufika kuchipatala ndi kumsika ntchito ili mkati. Mlatho wongoyembekezera wa mtundu wa Bailey, womwe umalumikizidwa ndi zigawo za mamita pafupifupi atatu, uikidwe chapambali kuti usadzatchinge malo omangapo mlatho wokhalitsa.