Kuunika mazira ndi tochi kuti mudziwe ngati muli mwanapiye

Ine ndimaunika mazira usiku, m'chipinda muli mdima wa ndiweyani. Tochi ya foni imakwanira, bola mupinde kachikatoni ngati kapaipi kuti kuwala konse kuthere m'dzira. Sambani m'manja kaye ndipo aume, pakuti chigoba chili ndi timabowo tosaoneka ndi maso momwe tizilombo timalowera.

Dzira la nkhuku limaswa pa tsiku la 21, ndipo ine ndimaunika katatu basi: pa tsiku la 7, la 14 ndi la 18. Gwirani dzira kosongoka kuli pansi, tochi muigunditse kumutu kwakukulu komwe kumakhala mpweya, muzilitembenuza pang'onopang'ono. Osaligwedeza, komanso lisathe mphindi imodzi lili m'manja. Ngati ndi thadzi likufungatira, muzisolola limodzilimodzi kunsi kwake.

Pa tsiku la 7, dzira lamoyo limaonetsa kadontho kakuda, mitsempha yofiira itayala mbali zonse ngati miyendo ya kangaude. Mukadekha mudzaona kakusuntha kokha. Lopanda mbewu ya tambala limangowala mbee, muli kamthunzi ka chikasu kakuyandama. Mukaona mzere wofiira wozungulira ngati mphete, wopanda nthambi, ndiye kuti mluza unayamba koma unafera m'njira. Chotsani.

Vuto lili pa mazira a chigoba chofiirira, omwe kuwala sikudutsa bwino. Ndikuyamba kumene, ndinaika pambali mazira anayi poganiza kuti ndi osukusa. Nditaswa loyamba m'mbale, ndinangoona kamtima kakugunda pakati pa mitsempha. Atatu enawo ndinawabwezera msangamsanga, awiri anaswa. Kuyambira tsiku limenelo, dzira lokayikitsa ndimalilemba mtanda ndi pensulo, n'kuliunikanso pakapita masiku atatu.

Pensulo yomweyo muzijambulira malire a mpweya uja nthawi iliyonse mukaunika. Malowo amayenera kumakula chifukwa madzi a m'dzira amauma pang'onopang'ono. Akamakula mochedwa, chinyezi m'makina ofungatira mazira chachuluka. Akakula mofulumira, chachepa, onjezerani madzi.

Pofika tsiku la 14, mbali yaikulu ya dzira imakhala itada, mitsempha ikuonekera m'mphepete mwa mpweya. Apa mphuno imathandiza kuposa tochi. Dzira lonunkha, kapena lotuluka timadzi tomata pachigoba, litulutseni pomwepo mosamala. Likaphulikira m'makina limaipitsa anzake, ndipo fungo lakelo simudzaliiwala.

Pa tsiku la 18 simuonanso kanthu koma mdima ndi mpweya wopendekeka, utatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dzira. Bwezerani mazirawo, siyani kuwatembenuza, kwezani chinyezi, ndipo musatsegulenso makina mpaka anapiye ataswa n'kuuma nthenga.